Kuyambitsa Gulu la Mawu Anayi la Nyimbo za Country: Njira Imene a Statler Brothers Anadzera

Ine ndimaimba baritoni, mawu amene anthu sawamva mpaka tsiku limene mwini wake wadwala n'kujomba. Tsiku limenelo omvera amangoti nyimbo yazizira, osadziwa chimene chasowa. Ndaimba mawu amenewa m'gulu la amuna anayi kwa zaka zambiri, ndipo achinyamata akamandifunsa kuti gulu loimba country limayambika bwanji, ndimawafotokozera za anyamata a m'tauni ya Staunton, m'chigawo cha Virginia ku America, amene dziko linadzawadziwa ndi dzina loti Statler Brothers. Ndikufuna ndikuyendetseni m'njira imene iwo anadzera kuchokera mu 1955 kufika mu 1972, chifukwa pafupifupi chilichonse chimene gulu latsopano limakumana nacho chili m'zaka 17 zimenezo.

Yambani ndi anthu, zida zibwere pambuyo. Mu 1955 Harold Reid, Phil Balsley, Lew DeWitt ndi Joe McDorman anali anyamata chabe. Harold ndi Phil anabadwa mu 1939, Lew mu 1938. Analibe bandi, analibe situdiyo, analibe wowalipirira. Chimene anali nacho ndi mawu anayi osiyana kukula kwake ndi matchalitchi a m'chigwa cha Shenandoah amene ankawalola kuimirira kutsogolo. Anadzitcha Four Star Quartet, ndipo ankaimba nyimbo zauzimu, kutsanzira magulu amene ankawasirira, makamaka Statesmen Quartet ndi Blackwood Brothers. Kaimbidwe ka amuna anayi kameneka n'kakale kum'mwera kwa America. Mu 1910 James D. Vaughan wa ku Lawrenceburg, Tennessee, anatumiza amuna anayi kuti aziyenda akuimba m'matchalitchi pofuna kugulitsa mabuku ake a nyimbo, ndipo magulu ambiri amene anabwera pambuyo pake anamwa pachitsime chomwecho.

Inunso yambirani pomwepo. Nyimbo za m'buku la tchalitchi zinalembedwa kale m'mawu anayi, zimayenda modekha, ndipo zimakhalitsa pa liwu limodzi, moti wophonya alibe pobisala. Nyimbo yothamanga imakwirira zolakwa zambiri, koma yodekha imaziyanika poyera. Sankhani zitatu zokha, muziimbe miyezi iwiri osawonjezera ina. Mudzatopa nazo, ndikudziwa, koma m'kutopa momwemo ndi mmene makutu anu adzayambire kumva mnzanu m'malo momangodzimva nokha.

Posankha anzanu atatu, musatengeke ndi amene amaimba bwino kwambiri ali yekha. Ine ndimayesa munthu motere: ndimamupatsa mzere umodzi, auimbe mmene akufunira, kenako ndimamuuza kuti aubwereze motsitsa kwambiri kuti mnzake amveke pamwamba pake. Wina amatsitsa mosavuta, nkhope osasintha. Wina amatsitsa mzere woyamba, pofika wachiwiri wakweza kale. Wachiwiriyu angakhale ndi mawu onga uchi, koma adzakuvutitsani zaka zonse. Onaninso ngati amasunga nthawi, ndiponso ngati mungathe kukhala naye m'galimoto imodzi maola 10 osakangana, pakuti moyo wa gulu loimba ndi msewu kwambiri kuposa nsanja.

Tsopano pano ndipo ndikhalitse, chifukwa magulu ambiri amasokonezera pomwe pano. Amene munakulira m'kwaya munazolowera kuti nyimbo yeniyeni imakhala pamwamba, kwa soprano, ena onse n'kumaimba pansi pake. M'gulu la amuna anayi sizili choncho. Nyimbo yeniyeni imakhala m'mawu achiwiri kuchokera pamwamba, kwa wotsogolera. Tena amaimba pamwamba pa wotsogolera, baritoni nthawi zambiri pansi pake, besi pansi penipeni. Ndiye kuti nyimbo imakhala pakati, yokutidwa uku ndi uku, ndipo kukutidwa kumeneku ndi kumene kumapatsa kaimbidwe aka kutentha kwake. Kwa a Statler Brothers tena anali Lew, baritoni Phil, besi Harold.

Nyimbo zambiri za country zimayenda pa ma chord atatu, ndiko kuti magulu a mawu olira pamodzi: do-mi-so, fa-la-do ndi so-ti-re. Pa gitala, mu kiyi ya G, amenewa ndi G, C ndi D. Chord iliyonse ili ndi mawu atatu, inu mulipo anayi, choncho liwu limodzi lidzaimbidwa ndi anthu awiri, mmodzi pansi wina pamwamba. Gawanani chonchi. Wotsogolera akakhala pa do, tena atenge mi wa pamwamba pake, baritoni atenge so wa pansi pake, besi agwire do wa pansi. Wotsogolera akakwera pa mi, tena akwere pa so, baritoni abwere pa do. Wotsogolera akafika pa so, tena atenge do wa pamwamba, baritoni mi. Besi amakhala pa tsinde la chord, liwu lake loyamba monga do pa do-mi-so, nthawi zina n'kudumphira pa liwu lachisanu, monga so pa do-mi-so, kapena kuyenda masitepe popita ku chord yotsatira. Lamulo lake n'losavuta kuloweza: tena atenge liwu la chord loyandikira pamwamba pa nyimbo, besi atenge tsinde, chotsala n'cha baritoni.

Chotsalacho sichimveka ngati nyimbo mukachiimba chokha. Chimadumpha mosayembekezereka, nthawi zina chimakhala pa liwu limodzi mzere wonse, nthawi zina chimadutsa wotsogolera n'kukwera pamwamba pake kwa kanthawi nyimbo ikatsika kwambiri. N'chifukwa chake mawu amenewa mupatse munthu wa khutu lakuthwa kuposa onse, osati amene wangotsala anzake atasankha. Ndaona magulu angapo akuponyera baritoni kwa wofooka pa onse, kenako n'kumadabwa kuti bwanji nyimbo zawo zikumveka ngati nyumba yopanda chipupa chimodzi.

Pokonzekera, ikani gitala pambali. Tengani liwu loyambira lokha, muimirire mozungulira, mapewa kutsala pang'ono kugundana, aliyense aziona pakamwa pa mnzake. Yambani ndi chord yomaliza ya nyimbo, osati yoyamba. Besi alowe yekha, kenako amene ali pa so, kenako amene akubwereza do, womaliza akhale amene ali pa mi. Wa pa mi atsitse liwu lake pang'ono kwambiri, kachidutswa kosafika n'komwe pa theka la sitepe (mpata wa pakati pa ti ndi do), kuyerekeza ndi mmene kiyibodi imalizira. Mukagwirizana bwino mudzamva chinthu chodabwitsa: m'chipindamo mudzalira kaliwu kachisanu, kopyapyala, pamwamba pa tena, pomwe palibe amene akukaimba. Tsiku loyamba kukamva ife tinasiya kuimba n'kumayang'anana, tsitsi lili nyaunyau. Kaliwu kameneko ndiye chizindikiro chanu. Gwirani chord imeneyo mpaka mpweya uthe, mubwereze kasanu, kenako mubwerere m'mbuyo mzere umodzi, muimbe kufika pa chord yomweyo. Muzibwerera m'mbuyo choncho mpaka mufike poyambira nyimbo. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti pansanja mumayenda kuchoka pamene simukudziwa bwino kupita pamene mukudziwa bwino koposa, ndipo mtima umakhala m'malo nyimbo ikamatha.

Vuto limene linativutitsa ife chaka chathunthu ndi kutsika. Tinkayamba nyimbo mu G, pomaliza tikaliza gitala tinkapeza kuti tatsika theka la sitepe. Aliyense ankaloza mnzake chala, ndipo tsiku lina tinabalalika tisanamalize kukonzekera. Chimene chinatithandiza ndi foni. Tinajambula nyimbo yonse, n'kumaimvetsera mzere ndi mzere gitala ili m'manja, mpaka tinapeza malo enieni. Panali pamene ine ndinkatsika kuchoka pa do kupita pa ti: sitepe yangayo inkakula pang'ono, besi n'kunditsatira, enanso n'kutsatira besi. Mankhwala ake ndi awa, ndipo amagwira ntchito kwa aliyense: potsika chepetsani sitepe, pokwera ikulitseni, ndipo liwu lililonse lalitali muzilikankhira m'mwamba ndi mpweya mpaka kumapeto kwake. Muzijambula nthawi iliyonse imene mwakumana. Foni siikondera munthu, ndipo imathetsa mikangano imene pakamwa sipangathetse.

Ngati mukuimba m'Chingerezi, khalani pansi ndi pepala mugwirizane katchulidwe ka liwu lililonse. Lilime lathu limafuna kuwonjezera kamawu kumapeto kwa liwu lothera ndi t, d kapena k, ndipo anthu anayi akawonjezera aliyense kake nyimbo imachita phokoso. Lembani chizindikiro pamene nonse mudzatsekere liwu ndi pamene mudzapume. Pa liwu lalitali onse atsegule pakamwa mofanana, pakuti mawu awiri olondola amamveka ngati ophonya milomo ikasiyana. Koma musadzikakamize kulankhula ngati munthu wa ku Virginia. Omvera amakhululuka katchulidwe kachilendo, chimene sakhululuka ndi kusamva mawu. Pa maikolofoni, besi ayandikire kwambiri, tena abwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa mawu apamwamba amaboola okha.

Gulu loyamba kawirikawiri silikhala lomaliza, ndipo zimenezi zisakugwetseni mphwayi. Joe McDorman anachoka gulu lisanatchuke, ndipo malo ake anatenga Don Reid, mng'ono wake wa Harold, wobadwa mu 1945. Mwana wa m'nyumba momwemo, wocheperapo ndi zaka 6, ndi amene anadzakhala wotsogolera ndiponso mlembi wa nyimbo zambiri za gululo. Mukasowa munthu, yang'anani kaye pafupi. Abale a mimba imodzi amatchula mawu mofanana chibadwire, ndipo mawu awo amalukana mosavuta kuposa a anthu amene angokumana.

Nkhani ya dzina muitenge mozama ngakhale imaoneka yaing'ono. Atasiya dzina loti Four Star Quartet, anyamatawa ankadzitcha Kingsmen. Mu 1963 gulu lina la rock la ku Portland, Oregon, lodziwikanso kuti Kingsmen, linatchuka m'dziko lonse la America, ndipo panalinso gulu lina la nyimbo zauzimu la dzina lomwelo. Anyamata a ku Staunton anayenera kusiya dzina limene anthu akwawo ankawadziwa nalo. Latsopano analitenga pa bokosi la matishu a mtundu wa Statler limene linali m'chipinda cha hotela. Palibe mmodzi mwa iwo amene dzina lake linali Statler, ndipo abale enieni anali awiri okha, koma dzinalo linali lalifupi, losavuta kutchula, ndipo panalibe wolimbirana naye. Inu muli ndi mwayi umene iwo analibe. Musanasindikize chikwangwani chilichonse, lembani dzina lanulo pa intaneti, pa YouTube ndi pa Facebook, muone ngati lili ndi mwini kale. Ntchito ya mphindi 10 imeneyi idzakupulumutsani ku chisoni chosintha dzina anthu atayamba kale kukuitanani nalo.

Mawu akapsa, pitani mukapemphe malo. Anyamatawa anaimba zaka pafupifupi 9 m'dera lakwawo asanapeze khomo lalikulu, ndipo khomolo silinatseguke lokha. Harold anapita yekha kwa Johnny Cash, munthu amene panthawiyo anali kale pakati pa oimba country otchuka kwambiri, n'kumuuza za gulu lawo. Cash atawamva anawatenga, ndipo mu 1964 anayamba kuyenda naye, akuimba poyamba pa zoimbaimba zake ndiponso kumuthandizira kumbuyo iye akamaimba. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, akulu anatero. Koma taonaninso nthawi imene Harold anapita: anapita zaka za m'matchalitchi zitakhwimitsa kale mawu awo. Mwayi wotere subwera kawiri kwa munthu yemweyo. Choncho khalani ndi nyimbo ziwiri zimene mungaimbe paliponse popanda chida, m'khonde, pamalo oimika galimoto, kuseri kwa nsanja, imodzi yothamanga ina yodekha, iliyonse yosapitirira mphindi zitatu. Mmodzi alankhule, atatu akhale chete ali okonzeka, ndipo wa kiyi akhale ataligwira kale liwu loyambira m'mutu.

Mgwirizano wawo ndi Cash unali wogwirana chanza basi, popanda pepala, ndipo unakhala zaka 8 ndi theka. Ndimaulemekeza kwambiri, koma pa mfundo iyi yokha sindikulangizani kuwatsanzira. Ife tinaimbapo usiku wonse pamalo ena titalonjezedwa pakamwa, m'mawa wolonjezayo osaoneka, ndipo chimene chinapweteka kwambiri si ndalamazo ayi, koma kukayikirana kumene kunalowa pakati pathu pa za amene anamva chiyani. Lembani zinthu zinayi, ngakhale pa uthenga wa pafoni: tsiku, kutalika kwa nthawi yoimba, malipiro, ndi amene alipire ulendo.

Kuimba kumbuyo kwa munthu wamkulu ndi sukulu, ndipo a Statler Brothers anaiphunzira mpaka kumapeto. Anali naye Cash ku ndende ya Folsom ku California pa 13 January 1968, pamene anajambula chimbale chimene chinadzutsanso dzina lake, ndipo analiponso ku ndende ya San Quentin mu 1969. Kuyambira 1969 mpaka 1971 ankaoneka pa pulogalamu ya Cash ya pa wailesi yakanema ya ABC, yojambulidwa mu Ryman Auditorium ku Nashville. Anthu mamiliyoni anaona nkhope zawo chifukwa choti anavomera kuima masitepe awiri kumbuyo kwa munthu wina. Mukapeza malo otere, dziwani kuti anthu amene ali patsogolo panu sanalipire kudzaona inu. Mukapatsidwa mphindi 15, imbani 14. Musaimbe nyimbo imene mwini tsiku adzaimbe. Mukamamuthandizira kumbuyo, tsitsani mawu mpaka mukhale ngati mphasa imene iye wapondapo, mulowe mochedwa pang'ono kuposa iye ndipo mutuluke iye asanatuluke. Mukatsika pansanja musathamangire kokapuma. Imani m'mbali muonerere mmene akulankhulira ndi anthu, mmene akusanjira nyimbo, chimene akuchita chingwe cha gitala chikaduka. Zimenezi palibe adzakhale pansi kukuphunzitsani.

Cash ndi amenenso anawalankhulira ku kampani yojambula nyimbo ya Columbia. Nyimbo zawo zoyamba kumeneko sizinapite patali. Imene inasintha zinthu inatuluka mu 1965, ndipo sinali yobwereka: "Flowers on the Wall" anailemba Lew DeWitt, tena wawo. Ndi nyimbo ya munthu wosungulumwa amene akuumirira kuti ali bwino, pomwe tsiku lake lonse likuthera m'chipinda akuwerenga maluwa a pakhoma ndi kusewera makadi yekha. Inafika pa nambala 2 pa mndandanda wa magazini ya Billboard wa nyimbo za country zotchuka ndi pa nambala 4 pa mndandanda wa nyimbo za mitundu yonse. Mu 1966 analandira mphoto ziwiri za Grammy, mphoto zapamwamba za oimba ku America, ndipo pa imodzi mwa izo anapambana magulu monga Beatles ndi Supremes. Mukaimvetsera, tcherani khutu pa kolasi, pamene besi ya Harold imatsika yokha n'kuonekera. Malo amenewo ndi amene anthu amadikira. Pokonza nyimbo yanu, siyani kampata kamodzi kotere, pamene atatu akupatuka kuti mmodzi awale kwa kamphindi. Kamodzi kapena kawiri m'nyimbo n'kokwanira. Mukachulukitsa kamataya mphamvu.

Apa ndi pamene ndimawasirira koposa. Gulu limene lili ndi ma Grammy awiri m'manja likanatha kunyamula zikwama tsiku lomwelo n'kukayima palokha. Iwo anakhalabe kumbuyo kwa Cash zaka zina 6. Ndipo zinaoneka kuti anaganiza bwino, chifukwa m'zaka zotsatira, ngakhale nyimbo zingapo zinachitako bwino mu 1967, panalibe ina imene inafika pamene inafika "Flowers on the Wall". Akanachoka mu 1966, zaka zouma zija zikanawapeza ali okha pamsewu ndi ngongole ya basi ndi bandi. Nyimbo imodzi ikakuyenderani, musasiye ntchito imene ikukudyetsani. Dzifunseni mafunso awiri mosanamizana: kodi tili ndi nyimbo zathuzathu zokwana ola lathunthu, ndipo kodi anthu angagule tikiti dzina lathu litalembedwa lokha pachikwangwani?

Yankho linayamba kusintha mu 1970, pamene anasamukira ku kampani ya Mercury n'kuyamba kugwira ntchito ndi Jerry Kennedy, katswiri wojambula nyimbo amene anakhala nawo zaka zambiri pambuyo pake. Nyimbo yawo yoyamba kumeneko, yolembedwa ndi Harold, inalowa m'gulu la nyimbo 10 zapamwamba za country. Koma chachikulu n'chakuti anapeza nkhani yawoyawo. Don ndi Harold anayamba kulemba za moyo wa m'tauni yaing'ono, za mafilimu amene ankaonera ali ana, za anzawo a kusukulu ndi kumene moyo unawafikitsa. "The Class of '57", ya mu 1972, imangotchula anthu a kalasi imodzi mmodzimmodzi, uyu akugwira ntchito yakuti, uyu zinamuvuta, ndipo inawapatsa Grammy yachitatu. Mukamalemba zanu, tengerani kalembedwe kameneko, osati nkhani zake. Musalembe za malo amene simunapondeko. Tengani kope, aliyense alembe anthu asanu amene anakula nawo ndi chinthu chimodzi chooneka ndi maso chimene amawakumbukira nacho: malaya amene ankavala, mawu amene ankakonda kunena, ntchito imene ankalota. Sinthani mayina kuti musachititse munthu manyazi. Nyimbo ya country imakhala pa tinthu totere, ndipo womvera akamva za mnzanu amaona wake.

Gawananinso ntchito za pansanja molingana ndi chibadwa cha aliyense. Kwa iwo Don ndiye ankalankhula ndi anthu, Harold ankawaseketsa, Phil ankadziwika ndi kufatsa kwake. Musakakamize wofatsa kuti azichita nthabwala. Za ndalama kambiranani zisanabwere. Za pansanja zigawidwe mofanana panayi mutachotsa zolipira ulendo ndi kachigawo ka thumba la gulu, koma nyimbo yolembedwa ili ndi mwini wake, ndipo phindu la kulembako limatsata dzina limene lalembedwa pansi pake. Gwirizanani tsiku lomwe nyimboyo yabadwa kuti alemba ndani, pamene ilibe mtengo uliwonse ndipo mitima ili yofewa.

Mu 1972 anatsanzikana ndi Cash mwamtendere, ndipo patapita zaka anamuimbira nyimbo yomuthokoza. Inunso muzichoka choncho: nenani nthawi ikadalipo, malizani zoimbaimba zonse zimene munalonjeza, thokozani pagulu. Chaka chomwecho bungwe la Country Music Association linawasankha kukhala gulu loimba lopambana pa chaka, ndipo anatenga mphoto imeneyo chaka chilichonse mpaka 1977, kenako mu 1979, 1980 ndi 1984, yonse pamodzi ka 9. Komabe nyimbo yawo yoyamba kufika pa nambala 1 pa mndandanda wa country inabwera mu 1978, zaka 23 chiyambireni kuimba. Ndimakonda kuwauza achinyamata chiwerengero chimenechi akamadandaula kuti miyezi 8 yatha anthu asanawadziwe.

Sanasamukire ku Nashville ngakhale kuti kumeneko n'kumene kuli masitudiyo ndi makampani. Ankapita kukajambula n'kubwerera ku Staunton, ndipo kuyambira 1970 mpaka 1994 ankachititsa chisangalalo cha pa 4 July, tsiku la ufulu wa America, m'tauni yawoyo chaka ndi chaka. Ine ndimakhulupirira kuti nyimbo zawo zinakhalabe zoona chifukwa anthu amene ankawaimbawo ankakumana nawo m'misewu tsiku lililonse. Matenda a m'matumbo otchedwa Crohn's atamukulira Lew DeWitt, iye anachoka mu 1982, ndipo malo ake anatenga Jimmy Fortune, wa ku Virginia komweko, amene anadzalembera gululo nyimbo zina zofika pa nambala 1. Tsiku lotere likadzakufikirani, musafune munthu woti akhale chithunzi cha amene wachoka. Funani amene mawu ake akukwana pampata umene watsala, mubwererenso ku nyimbo zitatu za m'buku zija, muimirire mozungulira, muyambirenso pa chord yomaliza.

Musanakumane sabata ino, aliyense achite ntchito iyi payekha. Sankhani nyimbo imodzi yodekha ya a Statler Brothers, makamaka yauzimu, muvale mahedifoni, muimvetsere kanayi. Ulendo woyamba tsatirani Don, n'kosavuta. Wachiwiri tsatirani Harold pansi, wachitatu tena pamwamba. Wachinayi funani Phil Balsley. Poyamba simudzamupeza. Dikirani kumapeto kwa mzere, pamene onse agwira liwu lalitali, muimbe motsitsa do, kenako mi, kenako so, mpaka mupeze limene Don, Harold ndi tena sakuimba koma likumvekabe m'katimo. Ameneyo ndi Phil. Mukamugwira musamutaye: bwezerani nyimboyo m'mbuyo masekondi 10, mulowe naye limodzi, muyende naye mpaka mzere wotsatira.